Karl Landsteiner: dotolo amene adatulukira kuti magazi a anthu amadana

Aliyense amene adadikirirapo matenda ku chipatala chachikulu, kaya ndi ku Ulongwe, ku Tete kapena kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, adamvapo mawu aja akuti wodwala magazi amuthera ndipo pafunika achibale abwere adzapereke. Amabwera mbale wake wa bere limodzi napereka mkono mosanyinyirika, koma oyeza magazi akayeza amanena kuti magazi akewo sakugwirizana ndi a wodwalayo. Magaziwo amalandiridwa ndithu, nkukasungidwa m'chipinda chija chimene pakhomo pake amalembapo kuti Banco de Sangue, pamene wodwala amamuthira a munthu wina amene sadamuonepo chibadwire. Ambiri amachoka pamenepo akung'ung'udza, ena mpaka kuganiza kuti achipatala akuchita nawo malonda. Kodi ana a mayi mmodzi magazi awo angasiyane bwanji?

Amasiyana ndithu, ndipo munthu woyamba kuonetsa poyera kusiyana kwake anali dotolo wa ku Austria, dzina lake Karl Landsteiner. Mkuluyu sadapondepo kwathu kuno, komanso sankagwira ntchito yoyendera odwala m'mawodi. Moyo wake wonse adauthera m'chipinda choyezera, pakati pa timabotolo tagalasi, akalulu ndi apusi. Koma thumba lililonse la magazi limene namwino amapachika pambali pa bedi la mwana wodwala malungo, kapena la mayi amene wataya magazi pobereka, limakhala litayamba ladutsa m'malamulo amene iye adawapeza.

Karl adabadwa pa 14 Juni 1868 ku Baden, kufupi ndi mzinda wa Vienna, m'banja la Chiyuda. Bambo ake, a Leopold Landsteiner, anali mtolankhani wodziwika ndiponso mkonzi wa nyuzipepala, koma adamwalira mwanayo ali ndi zaka 6 zokha. Adaleredwa ndi mayi ake, a Fanny, ndipo popeza analibe mbale wina aliyense, awiriwa adakondana kwambiri kotero kuti Karl sadakwatire mpaka mayiwo atatsikira kuli chete. Adaphunzira udotolo pa yunivesite ya Vienna namaliza mu 1891. Anzake atathamangira kukatsegula zipatala zawo kuti ayambe kudya ndalama, iye adapita ku Germany ndi ku Switzerland kukaphunzira sayansi ya kemisitiri kwa akatswiri a nthawi imeneyo, mmodzi wa iwo Emil Fischer wa ku Würzburg. Kumeneko ndiko adatenga khalidwe limene adafa nalo, losakhulupirira chinthu pokhapokha atachiyeza kambirimbiri.

Atabwerera kwawo, a Landsteiner adalembedwa ntchito mu 1897 pansi pa Pulofesa Anton Weichselbaum, amene adatulukira kachilombo koyambitsa matenda oumitsa khosi. Ntchito yawo inali yong'amba mitembo pofuna kudziwa chimene chapha munthu, ndipo pa zaka khumi adang'amba mitembo yoposa 3,600. Zofufuza za magazi ankachita pa mpata umene wapezeka.

Kuti timvetse chimene ankafufuza, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Nzeru yothira munthu magazi ndi yakalekale. Mu 1667 dotolo wina wa ku Paris, Jean-Baptiste Denis, adathira mnyamata magazi a nkhosa. Mnyamatayo adapulumuka, mwina chifukwa magaziwo anali ochepa, koma munthu wina atamwalira pambuyo pothiridwa magazi a mwana wa ng'ombe, akuluakulu adaletsa mchitidwewo. Kuyambira mu 1818 dotolo wa azimayi ku London, James Blundell, atatopa ndi kuona amayi akufa ndi kutaya magazi pobereka, adayesa kuthira odwala magazi a munthu mnzawo. Ena adachira, ena adafa. Mu 1875 Leonard Landois wa ku Germany adaonetsa kuti magazi a nyama akakumana ndi a munthu amachita mibulu nkuonongeka, ndipo za nkhosa zidathera pomwepo. Koma funso lalikulu lidatsala. Nanga a munthu ndi munthu mnzake, bwanji lero achiritsa, mawa apha? Madotolo ambiri ankati vuto ndi matenda a wodwalayo, ndipo ena adafika pothira odwala mkaka m'mitsempha poopa magazi.

Magazi akakhala m'kabotolo amapatukana pawiri. Pansi pamatsika zofiira, zimene ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maselo ofiira, ndipo ndito timanyamula mpweya kupita nawo thupi lonse. Pamwamba pamatsala madzi achikasu. Mu 1900 a Landsteiner adalemba mizere yochepa m'munsi mwa nkhani ina, kunena kuti madzi a magazi a munthu wabwinobwino nthawi zina amaunjika maselo a munthu wina wabwinobwino. Chaka chotsatira, 1901, adaganiza zotsimikiza. Adadzitenga magazi iwo eni, natenganso a anzawo asanu ogwira nawo ntchito, onse athanzi. Aliyense adamulekanitsira maselo pawokha ndi madzi pawokha, kenaka nkumasakaniza madzi a uyu ndi maselo a uyo mpaka onse atakumana. Adabwerezanso ndi magazi a amayi amene anali atangobereka kumene.

Zimene adaona ndi izi. Madzi a munthu sadaunjike maselo a mwini wake ngakhale kamodzi. Koma pakati pa anthu awiri, pena magazi ankasakanikirana bwinobwino, pena ankachita mibulu ngati phala limene wophika sadavundule. Uku sikuundana kuja kumene kumatseka bala munthu akadzicheka ndi mpeni, ayi, ndi maselo kugwirana okhaokha m'timagulu. Ndipo sizinkachitika mwachisawawa. Anthuwo adagawika m'magulu atatu, amene a Landsteiner adawatcha A, B ndi C. Gulu la C ndi lomwe lero timati O, ndipo iwo eni anali a gulu limeneli. Mu 1902 anzawo awiri, Alfred von Decastello ndi Adriano Sturli, atayeza anthu ochulukirapo adapeza gulu lachinayi, losowa kwambiri, limene lidadzatchedwa AB.

Tanthauzo lake tilifotokoze mwa kwathu. Maselo ofiira ali ndi zizindikiro pakhungu pawo, monga momwe mwini khola amadulira ng'ombe zake khutu kuti azizizindikira. Ena ali ndi chizindikiro A, ena B, ena zonse ziwiri, ena alibe ndi chimodzi chomwe. M'madzi achikasu aja muli alonda, amene achipatala pa Chipwitikizi amati anticorpos, ndipo ambirife timangoti asilikali a m'thupi. Alondawa ali ngati agalu a pakhomo, mwini nyumba samuuwa koma mlendo amamuluma. Munthu wa gulu A ali ndi agalu oluma B. Wa gulu B ali ndi oluma A. Wa gulu O, popeza maselo ake alibe chizindikiro, ali ndi agalu a mitundu yonse iwiri, pamene wa AB alibe galu aliyense mwa amenewa. Chodabwitsa nchakuti agaluwa sadikira kuti munthu ayambe wathiridwapo magazi. Amayamba kuoneka mwana akadali wa miyezi yochepa, ndipo amakhala tcheru moyo wonse.

Nchifukwa chake kulakwitsa kamodzi kokha nkokwanira kupha. Munthu wa gulu O akathiridwa magazi a gulu A, agalu aja amagwira maselo achilendowo nkuwaphulitsa m'mitsempha momwemo. Pasanathe nthawi wodwala amayamba kunjenjemera, thupi kutentha, msana ndi chifuwa kupweteka, mpweya kubanika. Mkodzo umatuluka wakuda ngati tiyi wosathira mkaka, kenaka impso zimaleka kugwira ntchito, ndipo ena amayamba kukha magazi paliponse pamene adabayidwa. Sipafunika thumba lonse kuti zimenezi zichitike. Mukaona namwino akubwerabwera pa bedi m'mphindi zoyambirira thumba litangopachikidwa, kapena akufunsa dzina la wodwala kawiri katatu asanalumikize, musamuone ngati wovuta. Ngozi zambiri zotere sizichokera kwa woyeza, zimachokera pa kusinthanitsa maina ndi mabotolo. Maselo a gulu O okha ndiwo angathiridwe kwa anthu a magulu onse pa nthawi ya ngozi, poti agalu sapeza pogwira, koma mwini gulu O salandira a wina aliyense kupatula a O mnzake.

A Landsteiner adatseka nkhani yawo ya mu 1901 ndi mawu ochepa onena kuti zimene apezazo zingathe kufotokoza chifukwa chake kuthira magazi kumatha mosiyanasiyana. Dziko silidatekeseke nazo. Masiku amenewo magazi ankaundana akangotuluka m'thupi, choncho pofuna kuthira munthu ankachita kusoka mtsempha wa wopereka ku mtsempha wa wolandira, awiriwo atagona moyandikana, ndipo madotolo odziwa zimenezi anali owerengeka. Woyamba kuyeza magazi a wopereka ndi a wolandira asanathire anali Reuben Ottenberg wa pa chipatala cha Mount Sinai ku New York, mu 1907. Zinthu zidasintha mu 1914 ndi 1915 pamene Albert Hustin ku Belgium, Luis Agote ku Argentina ndi Richard Lewisohn ku America adapeza kuti mankhwala otchedwa sodium citrate amaletsa magazi kuundana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1917, dotolo wa asilikali Oswald Robertson ankasunga magazi a gulu O m'mabotolo pa ayezi kudikira ovulala. Apa mpamene ntchito ya a Landsteiner idayamba kupulumutsa anthu ambirimbiri, patatha zaka 16.

Panalinso chisokonezo china choopsa. Jan Janský wa ku Prague ndi William Moss wa ku Baltimore, aliyense payekha, adatcha maguluwo ndi manambala kuyambira I mpaka IV, koma mosemphana, moti gulu I la Janský linali O pamene gulu I la Moss linali AB. Zipatala zina zinkatsata uyu, zina uyo. Taganizani munthu woyezedwa ku chipatala china nkukathiridwa magazi ku china. Mu 1927 a Landsteiner adalimbikitsa kuti manambalawo atayidwe, onse azigwiritsa ntchito zilembo O, A, B ndi AB, ndipo pang'ono ndi pang'ono dziko lonse lidatsata.

Tsono funso lija la ana a bere limodzi lidayankhidwa mu 1910 ndi Emil von Dungern ndi Ludwik Hirszfeld, amene adaonetsa kuti gulu la magazi munthu amatengera kwa makolo, mbali ina kwa bambo, mbali ina kwa mayi. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B angathe kubereka ana anayi, wina A, wina B, wina AB, wina O, onse awo ndithu. Choncho pasakhale mwamuna wokayikira mkazi wake pongomva kuti mwana ali ndi gulu losiyana ndi lake. Hirszfeld yemweyo pamodzi ndi mkazi wake Hanna adayeza asilikali a maiko ambiri amene adasonkhana ku Salonika pa nthawi ya nkhondo, kuphatikizapo ochokera ku Senegal ndi Madagascar, ndipo mu 1919 adalengeza kuti magulu onse anayi amapezeka mwa anthu a mitundu yonse, kungoti kuchuluka kwake kumasiyana. Gulu la magazi si mtundu, si mfunda, si khungu. Mngoni wa gulu B angalandire magazi a Mnyungwe, a Mmwenye kapena a Mzungu wa gulu B, nkukana a mlongo wake weniweni.

Pa zaka zonsezi a Landsteiner okha anali atatembenukira ku zina. Mu 1904 iwo ndi Julius Donath adafotokoza matenda achilendo amene munthu akazizidwa amakodza mkodzo wofiira, napeza kuti alonda ake omwe ndiwo amaukira maselo a mwini wake. Adathandizanso kupeza njira yoonera kachilombo ka chindoko pa makina oonera tizilombo. Mu 1908, ali pa chipatala cha Wilhelminenspital, iwo ndi Erwin Popper adatenga fupa la msana la mnyamata wa zaka 9 amene adafa ndi poliyo, nachotsamo mnofu wa m'kati, nkuusinja ndi kubaya nawo apusi awiri. Apusiwo adadwala matenda omwewo, ndipo popeza m'mnofumo simunkaoneka mabakiteriya, awiriwa adati poliyo amayamba ndi kachilombo kakang'ono koposa, ka mtundu wa vairasi. Katemera wa poliyo amene ana amadonthezeredwa m'kamwa adabwera patapita zaka pafupifupi 50, koma njira yake idayambira pamenepo. Chaka chomwecho cha 1908 mayi awo adamwalira, ndipo chifanizo cha nkhope ya mayiwo adachipachika kuchipinda kwawo kogona mpaka imfa yawo. Adakwatira mu 1916, ali ndi zaka 48, mkazi wotchedwa Helene Wlasto, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Ernst, adabadwa mu 1917.

Nkhondo itatha mu 1918 ufumu wa Austria udaphwasuka. Mu Vienna mudalowa njala, nkhuni ndi malasha zidasowa, ndalama idasanduka mapepala, ndipo zofufuza zidaima. Amene adathawapo kwawo chifukwa cha nkhondo akudziwa kuti ulemu wa munthu suwoloka naye malire. Mu 1919 pulofesa wotchukayu adasamukira ku The Hague, m'dziko la Netherlands, kukagwira ntchito pa kachipatala kakang'ono ka Akatolika. Kumeneko adapatsidwa chipinda chimodzi, womuthandiza ali sisitere, ndipo ankayeza mikodzo ndi magazi a odwala ngati wongoyamba kumene ntchito. Ngakhale zinali choncho sadaleke kufufuza ndi kulemba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 Simon Flexner adawaitanira ku Rockefeller Institute ku New York, ndipo mu 1929 adakhala nzika ya America.

Ku New York adabwereranso ku magazi. Madotolo ankadandaula kuti odwala ena, makamaka othiridwa kachiwiri kapena kachitatu, ankadwala ngakhale gulu lili lolondola. A Landsteiner adaganiza kuti maselo ofiira ali ndi zizindikiro zina zimene sizidadziwike. Iwo ndi wophunzira wawo Philip Levine adayamba kubaya akalulu magazi a anthu osiyanasiyana kuti akaluluwo apange alonda, kenaka nkumayesa alondawo pa magazi a anthu ena. Mu 1927 adapeza zizindikiro zitatu zatsopano, M, N ndi P. Mu 1930 adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha magulu aja a mu 1901. Iwo eni ankaona kuti ntchito yawo yaikulu sinali imeneyo koma ina, yoonetsa kuti alonda a m'thupi amatha kusiyanitsa mankhwala awiri ofanana kwambiri ngati mapasa, ndipo adailemba m'buku limene lidatuluka m'Chijeremani mu 1933 ndi m'Chingerezi mu 1936.

Anali munthu wovuta kukhala naye. Sankakonda atolankhani ngakhale anali mwana wa mtolankhani, sankakonda maphwando, ndipo omuthandiza ankachita kubwereza ntchito pamaso pake kuti akhulupirire. Ankaimba bwino piyano, koma nkhope yake inali ya munthu woyembekezera tsoka. Mu 1890 iye ndi mayi ake adalowa Chikatolika, pa nthawi imene Myuda ku Vienna ankavutika kukwera pa ntchito za boma ndi za yunivesite. Mu 1937 adasumira kukhoti osindikiza buku la maina a Ayuda otchuka a ku America pofuna kuti dzina lake lisalowemo, ndipo mlanduwo sudamukomere. Ena amamunena kuti adakana mtundu wake. Ife tikuona kuti nkosavuta kuweruza tili pano. Chaka chotsatira, 1938, Hitler adalanda Austria, ndipo kwa chipani cha Nazi ubatizo sunkafafaniza Chiyuda cha munthu.

Ntchito yawo yomaliza pa magazi ndi imene ikukhudza kwambiri amayi. Mu 1937 mayi wina ku New York adabereka mwana wakufa kale, pa mimba yake yachiwiri, nataya magazi ambiri. Adamuthira a mwamuna wake, poti onse awiri anali a gulu O, koma mayiyo adadwala kwambiri ngati wathiridwa gulu lolakwika. Levine, amene tsopano anali atachoka kwa a Landsteiner, pamodzi ndi Rufus Stetson adayeza madzi a magazi a mayiyo napeza kuti akuunjika maselo a mwamuna wake ndi a anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse a gulu loyenera. Polemba mu 1939 adati mwana uja adatengera kwa bambo ake chizindikiro chimene mayi analibe, ndipo thupi la mayi lidachiona ngati mdani nkupanga alonda. Chizindikirocho sadachipatse dzina. Mu 1940 a Landsteiner, ali ndi zaka 71 ndipo atapuma kale pa ntchito mwa dzina lokha, iwo ndi Alexander Wiener adalengeza kuti atabaya akalulu magazi a pusi wa ku India wotchedwa rhesus, adapeza alonda ounjika maselo a azungu 85 mwa 100 alionse a ku New York. Chizindikirocho adachitcha Rh, kuchokera ku dzina la pusiyo. Ndicho chija chimalembedwa pa khadi kuti positivo kapena negativo pambali pa chilembo cha gulu.

Rh imasiyana ndi A ndi B pa chinthu chimodzi chachikulu. Munthu wa Rh negativo sakhala ndi agalu oluma Rh chikhalire. Amawapanga pokhapokha magazi a Rh positivo atalowa m'thupi mwake, kaya pothiridwa, kaya pa mimba. Ulendo woyamba pamakhala bata, thupi limangosunga nkhope ya mlendoyo, ndipo ukali umaoneka ulendo wachiwiri. Mayi wa negativo amene mwamuna wake ndi wa positivo kawirikawiri amabereka mwana woyamba bwinobwino, koma pobereka timagazi ta mwanayo timalowa mwa mayi. Pa mimba zotsatira alonda a mayi amawolokera kwa mwana ali m'mimba nkumaononga maselo ake. Mwana amabadwa wopanda magazi, kapena amachita chikasu tsiku loyamba lomwelo, chimene chikakula chimaononga ubongo ndi makutu, kapena amatupa nkufera m'mimba. Levine adatsimikiza zimenezi mu 1941. Ndi maliro angati otere amene adathera pa kulozana zala, kunena apongozi kapena mkazi mnzake, pamene mlandu unali wa zizindikiro za magazi?

Tisakokomeze. Pakati pa anthu akuda a Rh negativo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi azungu, ndipo ana ambiri amene amafera m'mimba kwathu kuno amafa ndi zina, monga malungo, chindoko ndi kuchedwa kufika ku chipatala. Koma kuchepa komweko kuli ndi vuto lake, chifukwa mayi wa negativo akafuna magazi mwadzidzidzi, omupatsa amasowa. Kuyambira mu 1968 pali jakisoni wotchedwa anti-D amene mayi wotere amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka kapena atapita padera, ndipo amaletsa thupi kupanga alonda aja. Sapezeka pa chipatala chilichonse, nchifukwa chake mayi woyembekezera ayenera kufunsa gulu lake ku sikelo mimba ikadali yaing'ono, kuti ngati ali wa negativo akonzekere kukachirira ku chipatala chachikulu.

Mu 1945 Robin Coombs ndi anzake ku England adapeza njira yogwirira alonda obisala amene amakakamira pa maselo osawaunjika, ndipo kuchokera pamenepo zizindikiro zatsopano zidayamba kutulukira motsatizana, mwakuti lero mabanja a zizindikiro za magazi odziwika ndi oposa 40. Ichi ndicho chifukwa chake woyeza sakhutira ndi chilembo chokha, koma amasakaniza madzi a wodwala ndi maselo a m'thumba lomwelo limene akufuna kupereka, nkudikira, achibale ali panja kudandaula kuti akuchedwa. Amene adathiridwapo magazi kale, monga ana a matenda a sickle cell amene amathiridwa kawirikawiri, ndi amayi amene adaberekapo mwana wa chikasu chachikulu, ndiwo amakhala ndi alonda obisalawa, ndipo ayenera kunena mbiri imeneyi asanafunsidwe nkomwe.

Wiener ndi Levine, onse ana a m'manja mwa a Landsteiner, adakangana kwa zaka zambiri pa nkhani yakuti adayamba ndani kupeza Rh, ndipo mkanganowo udafika poipa. Pambuyo pake zidadziwika kuti alonda a akalulu aja ndi alonda a mayi uja sankaluma chinthu chimodzi. Zinali zizindikiro ziwiri zoyendera limodzi, ndipo chimene chimapha ana ndi kudwalitsa othiridwa magazi ndi chija adapeza Levine ndi Stetson, chimene sichikhudzana ndi pusi ayi. Koma dzina lakuti Rh linali litazika kale mizu, choncho m'zaka za m'ma 1960 adalisiya momwemo, ndipo chizindikiro cha pusi chija adachitcha LW, zilembo zoyamba za Landsteiner ndi Wiener.

Mkuluyu sadaone mapeto a mkanganowo. M'zaka zawo zomaliza akazi awo a Helene ankadwala khansa ya pakhosi, ndipo iwo, ali nkhalamba, adayamba kufufuza za khansa. Pa 24 Juni 1943 mtima udawagwira ali pa tebulo lawo la ntchito, kachubu kagalasi koyezera kali m'manja, ndipo adamwalira m'chipatala pa 26 Juni ali ndi zaka 75, atalemba nkhani za sayansi zoposa 340. A Helene adawatsatira chaka chomwecho chisanathe, ndipo awiriwa adaikidwa pa chilumba cha Nantucket, kumene ankakonda kukapuma nyengo yotentha. Mwana wawo Ernst adadzakhala dotolo wa maopaleshoni. Dziko la Austria, limene adalichoka chifukwa cha njala, lidaika nkhope yawo pa ndalama ya pepala ya 1,000 schilling mu 1997, ndipo kuyambira mu 2004 tsiku lawo lobadwa, 14 Juni, ndilo tsiku lothokoza opereka magazi pa dziko lonse.